Wansembe amene Yesu ankamudzudzula

Tikasemphana ndi anzathu pa ndale, ambirife timafuna Mulungu aime kumbali yathu. Filimu ya ku Italy yotchedwa Don Camillo, yomwe idatuluka m'chaka cha 1952, imatiseketsa ndi khalidwe lomweli.

Idajambulidwa m'katauni ka Brescello, m'mphepete mwa mtsinje wa Po, motsogoleredwa ndi Julien Duvivier, kuchokera m'nthano za mlembi Giovannino Guareschi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idali itangotha, anthu a ku Italy atagawikana pakati pa otsatira Mpingo ndi achikomyunizimu. Mu 1949 likulu la Mpingo wa Katolika lidafika polamula kuti Mkatolika wofalitsa chiphunzitso cha chikomyunizimu wadzipatula yekha mu Mpingo. Udali udani weniweni.

M'filimuyi, Fernandel ndiye wansembe Don Camillo, munthu wa dzitho ndi wa mtima wapachala, pomwe Gino Cervi ndiye Peppone, meya wachikomyunizimu. Awiriwa ndi mphaka ndi galu. Koma chotigwira mtima n'chakuti wansembeyu amalankhulana ndi Yesu wa pamtanda wa m'tchalitchi mwake, ndipo Yesuyo amadzudzula kwambiri mtumiki wake yemwe kusiyana ndi mdani uja. Peppone atabweretsa khanda lake kuti libatizidwe ndi dzina la Lenin, wansembe akana mwaukali. Mawu a pamtanda amukumbutsa modekha kuti ubatizo si chida chokhaulitsira munthu. Nkhani ithera m'zibakera, inde, koma mwana abatizidwa, ndipo pa mayina ake awonjezerapo lakuti Camillo.

Pena antchito a m'mafamu anyanyala ntchito, ng'ombe n'kumalira m'khola chifukwa cha njala ndi kusakamidwa. Adani awiriwa alowa m'kholamo mobisa nazidyetsa ndi kuzikama limodzi, aliyense akuopa kuti anthu ake angamuone. Tikuganiza kuti palibe ulaliki m'filimuyi woposa pamenepa, ngakhale palibe amene akutsegula Baibulo.

Anthu adaikonda kotero kuti padatsatira mafilimu ena anayi a awiriwa kufikira mu 1965. Mu 2008 idaikidwa pa mndandanda wa mafilimu 100 a ku Italy oyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko. Ndipo mu 2015, polankhula kwa atsogoleri a Mpingo mumzinda wa Florence, malemu Papa Francis adatchula Don Camillo ngati chitsanzo cha m'busa amene pemphero lake limayendera limodzi ndi kukhala pafupi ndi anthu ake. Tidziwe kuti ankanena za wansembe wongopeka, wandewu, amene kumapeto kwa filimu bishopu wake amusamutsa chifukwa cha ukali.

Ku Brescello kuli nyumba yosungiramo zinthu za mafilimuwa, yomwe idatsegulidwa mu 1989, ndipo pabwalo la tauni paima ziboliboli za wansembe ndi meya. Mtanda uja, umene udasemedwa kuti ungogwira ntchito m'filimu, udatsala m'tchalitchi cha Santa Maria Nascente.