Matope a Shire Asunga Mbiri ya Mvula

Mtsinje wa Shire ukadzaza, anthu a kwa Nyachikadza m'boma la Nsanje amaona madzi amatope akudutsa m'minda mwao. Matopewo amakaloŵa mu Zambezi, ndipo pomaliza amakakhazikika pansi pa nyanja yamchere ya India. Kumeneko amasanjikizana chaka ndi chaka monga mphasa zoyalidwa ina pamwamba pa inzake, nasunga mbiri ya mvula yakale.

Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo maiko akumpoto anakutidwa ndi madzi oundana, ndipo nyanja zamchere zinaphwa mamita ngati 120. Pofuna kudziŵa mmene mvula inasinthira kuno chisanu chimenecho chikutha, akatswiri amaboola pansi pa madzi ndi kutulutsa matope akale. M'chaka cha 2005 anaboola pansi pa nyanja ya Malaŵi. Ena anatapa matope m'nyanja yamchere, pafupi ndi mathiriro a Zambezi.

Ntchito yovuta ndiyo kuzindikira matope amsinkhu umodzi m'malo aŵiriwo. Zaka amaziŵerenga poyesa kaboni wa m'zotsalira za zomera ndi m'tizigoba. Koma kaboni wa m'madzi amchere amaoneka wakale kuposa mmene alili ndi zaka mazana angapo, motero zakazo amazichotsera. Phulusa nalo limathandiza. Phiri la Toba ku Sumatra litaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo, phulusa lake linagwera m'nyanja zonse ziŵiri. Pamene lapezeka, matopewo ngakafumbata nyengo imodzi.

Atalunzanitsa mbiri ziŵirizi anapeza chodabwitsa. Zaka ngati 12,000 zapitazo maiko akumpoto anazizirako kachiŵiri. Pa nthaŵiyo dera lakumpoto kwa nyanja ya Malaŵi linauma, koma matope a ku mathiriro a Zambezi, malinga ndi zofalitsidwa mu 2011, akusonyeza kuti kumunsi kwa chigwacho mvula inachuluka. Kuzizira kwa kumpotoko kunakankhira kumwera mitambo imene imadzetsa mvula ya dzinja.

Tsono mvula ya ku Nsanje imamvera zochitika kutali kwambiri. Anthu a kwa Nyachikadza, amene madzi osefukira anawasautsa mu 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023, amafuna kudziŵa za maŵa. Akatswiri olosera za nyengo amayamba ayesa maŵerengero ao pa mbiri ya m'matope ameneŵa. Maŵerengero olephera kufotokoza zakale sangadaliridwe pa zam'tsogolo.