Mfuti ikapepuka, phewa ndilo limalipira

Aliyense amene anakwerapo mitunda ya kwa Dambe kapena kwa Chekucheku atasenza thumba la mbatatesi amadziwa kuti katundu wopepuka pakhomo amasanduka mwala phiri likayamba. Alenje akale a m'mapiri a Kirk, m'malire a Neno ndi Mozambique, ankalidziwanso vuto limeneli. Kulondola mapazi a gwape, mbawala kapena chinkhoma kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo, mfuti ili paphewa, si ntchito yamasewera.

Ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, alenje a chilolezo amasaka m'mapiri nyama za nyanga zamphandamphanda zotchedwa deer, zomwe kuno kulibe, ndipo mkangano wawo sutha: mfuti yabwino ilemere bwanji? Zambiri zomwe amanyamula zimalemera makilogalamu atatu kapena anayi. Opanga mfuti amayesetsa kuchepetsako, koma chilengedwe chili ndi lamulo lake, lomwe ana athu amaphunzira ku sekondale m'dzina la Isaac Newton: chimene ukukankha nachonso chimakukankha.

Tiwerengere limodzi. Chipolopolo cha magalamu 10 chikatuluka pa liwiro la mamita 800 pa sekondi, mfuti ya makilogalamu 4 imabwerera m'mbuyo pa liwiro la mamita awiri pa sekondi. Chipolopolo chomwecho mu mfuti ya makilogalamu awiri, liwiro lobwererali limakhala mamita anayi, ndipo mphamvu yogunda phewa imawirikiza kawiri. Munthu amene wamenyedwapo kangapo motere thupi lake limaphunzira mantha: amatsinzina, kapena kugwedeza dzanja mfuti isanalire. Onjezanipo wefuwefu wa pamtunda ndi mtima wogunda ngati ng'oma. Mfuti yolemera imakhazikika m'manja, pomwe yopepuka imavina ndi mpweya uliwonse. Zotsatira zake ndi nyama yolasidwa mwendo kapena m'mimba, yothawira m'zigwembe n'kukafa patatha masiku, yokha, movutika.

Koma tisanamizane. M'midzi ya kuno, mfuti yopepuka yomwe anthu amaidziwa si ya m'sitolo. Ndi gogodela, yosulidwa mobisa kuchokera ku paipi wa madzi, yothiridwa wonga kukamwa. Mfuti ya kufakitale ili ndi chitsulo choyesedwa kuti chipirire mphamvu ya mpweya yoposa ya m'tayala la galimoto maulendo opitirira 1,000. Paipi wa madzi sanapangidwire zimenezo. Ali ndi msoko, amachita dzimbiri m'kati momwe diso silifika, ndipo amatha kupirira kakhumi n'kuphulika ulendo wotsatira. Akaphulika, zidutswa zimapita ku dzanja logwirira kutsogolo, kumaso ndi kukhosi. Nthawi zina wonga umachedwa kuyaka, mwini wake n'kusuzumira kapena kutembenuza mfuti, ndiye tsoka limagwera iye kapena mnzake woyenda naye.

Apa m'pamene mapiri a Neno amawonjezera chilonda. Boma lino linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo kuyambira mu 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo kutukula chipatala cha pa boma, cha Lisungwi ndi zina zing'onozing'ono. Komabe mtunda ndi mtunda, ndipo nthawi ya dzinja misewu yakumtunda imaterera. Munthu wodulidwa mtsempha waukulu angathe kufa m'mphindi zochepa. Chomupulumutsa ndi kupsinja pabala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osasiya, kwinaku akuthamangira naye kuchipatala. Dothi, phulusa kapena masamba otafuna zimangolowetsa kafumbata ndi mafinya. Chondimvetsa chisoni kwambiri n'chakuti ena amabisa bala poopa apolisi, mpaka dzanja lomwe likanachira n'kudulidwa.

Makutu nawo amalipira. Kulira kwa mfuti kumapitirira madesibelo 140, mlingo umene ungathe kuwononga timaselo takumva m'khutu pa kuwomba kumodzi kokha, ndipo timeneti sitimeranso. Mfuti yofupikitsidwa kuti ipepuke imaphulikira pafupi kwambiri ndi khutu.

Chiopsezo chachikulu, m'kuona kwanga, n'chimene chimafika pa mkeka wodyera. Zipolopolo zambiri zimakhala ndi mtovu. Chipolopolo chothamanga chikagunda fupa chimanyenyeka kukhala tizidutswa tambirimbiri, tina tosaoneka ndi maso, tomwazikira kutali ndi bala. Kutsuka sikutichotsa, kuwamba kapena kufutsa sikutichotsa, ndipo kuphika nyamayo ndi zowawasa kumathandiza mtovu kusungunukira mu msuzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingautche wabwino. Mwana wamng'ono thupi lake limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu. Suonetsa zizindikiro msanga. Umakhazikika m'mafupa kwa zaka, umachepetsa magazi, umafooketsa nzeru, mwana n'kumabwereza kalasi makolo akumunena kuti ndi waulesi. Mayi woyembekezera amaupatsira kwa mwana wosabadwa. Kwa akuluakulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso. N'chifukwa chake maiko ena ayamba kusinthira ku zipolopolo za mkuwa. Ndipo wogula nyama yofutsa m'thumba usiku sadziwa chomwe chinaipha, kaya mtovu, poizoni kapena matenda. Tikumbukire mvuu zomwe zinafa ndi anthrax ku Liwonde mu 2018, boma mpaka kuchenjeza anthu kuti asakhudze nyama yake.

Za lamulo n'zachidule. Mfuti iliyonse imafuna chiphaso chochokera kupolisi, kusaka kumafuna chilolezo cha nthambi yoona nyama zakutchire, ndipo chikonzedwereni lamulo mu 2017, wopha nyama zotetezedwa kwambiri angathe kukakhala kundende mpaka zaka 30.

Ilipo mfuti imodzi yopepuka imene ndimaikonda. Kummwera kwa Neno, komwe mtsinje wa Mkulumadzi umakathira mu Shire, kuli nkhalango ya Majete. Pofika m'ma 1990 alenje ozembera anali atatha njovu zonse kumeneko. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2003, chaka chomwecho zipembere zinabwerera, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Ntchito yotere imadalira mfuti ya dokotala wa nyama, yomwe siponya chipolopolo koma jakisoni wokhala ndi nthenga kumbuyo. Zambiri zimakankhidwa ndi mpweya wopanikizidwa, choncho sizimenya phewa, siziboola khutu. Dokotala amachepetsa kapena kuwonjezera mphamvu molingana ndi mtunda komanso kukhuthala kwa chikopa, poti yoyenera njovu ingathyole fupa la nswala.

M'jakisonimo nthawi zambiri mumakhala mankhwala otchedwa etorphine, amphamvu kuposa morphine maulendo oposa 1,000. Kadontho kake kangaimitse kupuma kwa munthu, motero dokotala sagwira ntchitoyi yekha, ndipo mankhwala otsitsimutsa amakhala okonzeratu pafupi. Nyama yolasidwa nawo siyenera kudyedwa. Njovu ikagwa, anthu amathamangira kuiwongola chitamba kuti ipume bwino ndi kuiphimba diso ndi khutu lake lomwe. Ndi njira imeneyi, mu 2016 ndi 2017, njovu pafupifupi 500 zinatengedwa ku Liwonde ndi ku Majete, n'kukadzuka zili m'galimoto zopita ku Nkhotakota.