Kusunga bwino mawu achinsinsi a pa intaneti

Munthu akaiwala mawu achinsinsi a Gmail, nambala ya foni imene analembetsa itatayika kale, makalata ake angathe kumutsekekera mpaka kalekale. Choncho onetsetsani kuti nambala yolembetsedwayo ndi imene muli nayo lero.

Posankha mawuwo, pewani dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Lumikizani mawu anayi osagwirizana, monga mbuzi, nyali, mtsinje ndi khasu (koma musatenge omwewa). Kutalika kwake kumasautsa akuba, pomwe inu simuvutika kukumbukira. Kuwalemba m'kabuku kobisika kunyumba si kulakwa.

Chrome ikafunsa ngati isunge mawuwo, vomerani pa kompyuta yanu yokha. Pa ya ku ofesi, yogwiritsa ntchito anthu ambiri, kanani, ndipo mukatha tulukanimo. Tsamba limene mumalitsegula kawirikawiri, dinani Ctrl ndi D kuti lisungike.