Zilembo zobwerezabwereza za m'DNA ya kanjedza ndi mbande za ku Thekerani

Mlimi wa ku Thekerani, kum'mwera kwa boma la Thyolo, akamabzala mphukira ya nthochi kapena mbande ya tiyi amakhala akukhulupirira chinthu chimene maso ake sangatsimikize, chakuti kambewu kali m'chubumo kadzabereka monga kholo lake. Mbewu ziwirizi masiku ano sizichulukitsidwa kwenikweni ndi njere, koma ndi mphukira, tinthambi todula kapena timbewu tokulitsidwa m'mabotolo a mu labotale, ndipo cholakwika chikachitikira ku nazale chimadzaonekera m'munda patapita miyezi kapena zaka, feteleza ndi thukuta zitalowa kale. Njira zina zodziwira msanga mtundu weniweni wa mbande zafufuzidwa mozama pa mitengo ya banja la kanjedza, banja limene m'Malawi muno muli kanjedza wa m'mbali mwa mitsinje, chiwale, mgwalangwa wa m'chigwa cha Shire ndiponso kanjedza wa mafuta amene anthu a ku Karonga amayengako mawese.

M'selo lililonse la chomera muli DNA, ulusi wautali kwambiri wosunga malangizo a chibadwa, ndipo malangizowo amalembedwa ndi timankhwala tinayi timene akatswiri amatiimira ndi zilembo A, C, G ndi T. Kachigawo ka ulusiwu kamene kali ndi malangizo a ntchito imodzi kamatchedwa jini. Pamene akatswiri a bungwe la Malaysian Palm Oil Board ndi anzawo anafalitsa mu 2013 zimene anawerenga m'DNA ya kanjedza wa mafuta, zinadziwika kuti mtengowu uli ndi zilembo pafupifupi 1.8 biliyoni ndi majini pafupifupi 35,000, koma gawo loposa theka la ulusiwo si majini ayi, ndi zilembo zongobwerezedwabwerezedwa. Kanjedzayu sali yekha, pakuti m'chimanga gawo lotere limafika cha m'ma 85 peresenti, ndipo m'tiyi, amene DNA yake inawerengedwa ku China mu 2017, lili cha m'ma 80 peresenti. Kwa zaka zambiri mbali imeneyi inkayesedwa zinyalala.

Zobwerezazi zili m'magulu angapo, koma awiri ndiwo akhudza ulimi kwambiri. Gulu loyamba ndi la tizigawo tifupitifupi totchedwa microsatellite, mmene zilembo ziwiri kapena zitatu, mwachitsanzo GA, zimatsatizana kangapo pamalo amodzi. Selo likamakopera DNA yake nthawi zina limaphonya kuwerenga pamalo otere, n'kuwonjezera kapena kuchotsa GA mmodzi, kotero kuti mibadwo ikamapita mtengo wina umakhala ndi GA 12 pamalo pamene unzake uli ndi 17. Kusiyanaku nthawi zambiri sikusintha tsamba kapena chipatso, koma mwana amalandira chiwerengero chimodzi kwa mayi ndi china kwa bambo, ndipo malo khumi kapena kuposerapo akayezedwa pamodzi amapereka chizindikiro chimene n'chovuta kuti mitengo iwiri yosiyana ifanane nacho. Alec Jeffreys wa pa yunivesite ya Leicester ndiye anaonetsa mu 1984 kuti zobwereza za mtundu woyandikana ndi umenewu zingasiyanitse munthu ndi mnzake, ndipo pa mfundo yomweyo ndi pamene pakhazikika kuyeza kwa masiku ano kofuna kudziwa bambo wa mwana.

Kayezedwe kake sikafuna kudula mtengo. Katswiri amabudula kachidutswa ka tsamba lanthete kosaposa chikhadabo, amakasinja m'kabotolo ndi mankhwala otulutsa DNA, kenaka amaika kadontho kake m'makina amene amatenthetsa ndi kuziziritsa mosinthanasinthana kokwana pafupifupi 30, mpaka malo ofunikawo atakopedwa kambirimbiri. Njirayi imatchedwa PCR. Zidutswa zokopedwazo amazikoka ndi mphamvu ya magetsi kudutsa m'phala louma pang'ono, ndipo poti zifupi zimathamanga kuposa zazitali, pamapeto pake pamaoneka timizere tondondozana timene tingayerekezedwe ndi ta kholo. Gulu la Norbert Billotte pa bungwe la CIRAD ku Montpellier, m'dziko la France, linakonza zizindikiro zotere za kanjedza wa mafuta, ndipo mu 2004 linafalitsanso za kanjedza wobala zipatso za tende wa kumaiko a Aarabu, zimene zinagwiranso ntchito pa abale ake a mtundu wa Phoenix, mtundu umene kanjedza wathu wa m'mbali mwa mitsinje alimo.

Gulu lachiwiri la zobwereza zija ndi limene nkhani yake ili yolemera. Izi ndi zigawo zazitali zotchedwa transposon, zimene zimatha kusuntha kapena kudzikopera n'kukakhala pamalo ena a ulusi wa DNA, ndipo anazitulukira ndi Barbara McClintock pofufuza chimanga cha maso amawangamawanga m'zaka za m'ma 1940, ngakhale kuti mphoto ya Nobel anadzailandira mu 1983. Chigawo chotere chikagwera pakati pa jini chingaononge ntchito yake, choncho selo limachiphimba ndi timankhwala totchedwa methyl kuti chikhale chete, monga mmene mbuzi imamangidwira pachikhomo m'dzinja kuti isalowe m'minda.

Makampani a mafuta atayamba kuchulukitsa akanjedza obereka kwambiri kudzera m'mabotolo, anayembekezera kuti mbande zonse zidzakhala ngati kholo, popeza zinachokera ku maselo a mtengo umodzi. Koma mu 1986 akatswiri analengeza kuti ina mwa mitengo yotere ku Malaysia inkatulutsa maluwa opunduka, mmene ziwalo zachimuna zinkasanduka minofu yokuta chipatso, ndipo zipatsozo zinkakhala ndi mafuta ochepa kapena kufota zisanakhwime. Vutoli linkadziwika mtengo ukayamba kubereka, zaka ngati zitatu chibzalire. Chodabwitsa chinali chakuti zizindikiro za masiku onse zinkaonetsa kuti mtengo wopundukawo ndi kholo lake n'zofanana, ndipo zinali kunena zoona, pakuti zilembo sizinasinthe. Yankho linadza mu 2015, pamene Meilina Ong-Abdullah ndi anzake, mothandizana ndi Robert Martienssen wa ku Cold Spring Harbor ku America, analemba m'magazini ya Nature kuti m'kati mwa jini yoyang'anira kapangidwe ka duwa muli transposon yotchedwa Karma, ndipo moyo wa m'botolo nthawi zina umaichotsa chophimba chake cha methyl, jiniyo n'kuyamba kuwerengedwa molakwika. Kuchokera apo zinatheka kuyeza tsamba la mbande ikadali ku nazale ndi kutaya zokayikitsa.

Zimenezi zikukhudza Thyolo mwachindunji ngakhale kuti bomali silidalira akanjedza. Matenda a chisaka, amene kachilombo kake kamafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndi mphukira zodwala, anapezeka m'Malawi m'zaka za m'ma 1990 ndipo pambuyo pake anasakaza minda ya nthochi imene Thekerani inkatchuka nayo, mpaka alimi analangizidwa kuzula mapando onse odwala ndi kubzala mbewu yoyera, yambiri mwa iyo yochokera m'mabotolo. Nthochi za m'mabotolo nazonso zimatulutsa mbande zina zosiyana ndi kholo, makamaka zopinimbira, ndipo mpata wake umakula mbewu ikachulukitsidwa maulendo ambiri kuchokera ku kachidutswa kamodzi. Apa mpofunika kusiyanitsa mafunso atatu amene anthu amawaphatikiza akamva kuti mbewu "inayezedwa": ngati ilibe kachilombo, ngati ili ya mtundu umene walembedwa pa chikwangwani, ndiponso ngati moyo wa m'botolo sunaisokoneze. Lililonse lili ndi kayezedwe kake, ndipo microsatellite imayankha lachiwiri lokha.

Pa tiyi funso lachiwirilo ndilo lalikulu. Bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo lili ku Mimosa m'boma la Mulanje, latulutsa mitundu monga SFS 150, SFS 204 ndi PC 108, imene imasiyana pa kupirira chilala ndi ubwino wa tiyi wake, koma ikakhala ing'onoing'ono m'machubu n'kovuta kuisiyanitsa, ndipo chitsamba cha tiyi chikabzalidwa chimakhala m'munda zaka makumi angapo. Kuyeza mbande iliyonse ya mlimi wamng'ono sikungatheke, chifukwa makina ndi mankhwala ake amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Pamene ndalamayo ingagwire ntchito yooneka ndi pa zitsamba zochepa za makolo zimene nazale imadulako tinthambi chaka ndi chaka, pakuti chitsamba chimodzi chosocheretsedwa pamenepo chimafalitsa mbande mazanamazana m'minda ya anthu amene sadzakhala ndi njira yodziwira kumene cholakwikacho chinayambira.