KODI KOLERA IMABISALA KUTI, NANGA IMAYENDA BWANJI?

Ambirife timayesa madzi ndi maso. Akakhala oyera mbee timati ndi abwino, akakhala amatope timati ndi oipa. Pa nkhani ya kolera maso amanama. Kachilombo koyambitsa matendawa, kamene akatswiri amakatcha Vibrio cholerae, nkakang'ono zedi moti sikaoneka popanda makina a kuchipatala. Kapu ya madzi ooneka bwino ingathe kukhala ndi tizilombo tokwanira kugwetsa munthu wamkulu.

Kolera inafika m'dziko lathu m'chaka cha 1973, ndipo yakhala ikubwerabwera makamaka m'dzinja. Mliri woopsa koposa unayambira ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022, madzi a namondwe Ana ndi Gombe atasefukira m'midzi. Unafika m'maboma onse, sunaleke ngakhale m'chilimwe, ndipo pofika mu 2023 anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala, oposa 1,700 nkumwalira. Ambirife tinapitako ku maliro amenewa. Nchifukwa chake nkofunika kumdziwa bwino mdaniyu.

Moyo wa kachilomboka m'madzi

Kachilombo ka kolera kamakonda madzi ofunda, osayenda kwambiri, okhala ndi kamchere pang'ono. Kwawo kwenikweni ndi ku India ndi Bangladesh, kumene mtsinje wa Ganges umathira m'nyanja yamchere. M'madzi otere muli tinyama ting'onoting'ono ta zikamba, tapachibale ndi nkhanu, tovuta kuona ndi maso. Tizilombo ta kolera timamatirira pa zikambazo ndi kumadya pomwepo. Madzi akafunda ndere zimachuluka, tinyama todya ndere timaswana, ndiye tizilombo natonso timachuluka.

Tilinso ndi njira zina zodzitetezera. Timaunjikana pamodzi ndi kudzikuta ndi zinthu zoterera ngati therere, zofanana ndi zimene timamva ndi chala m'kati mwa mtsuko wosatsukidwa masiku angapo. Zinthu zikavuta, monga madzi akazizira kapena chakudya chikasowa, timafota ndi kuleka kuswana ngati tagona tulo, koma sitinafe. Pa nthawi yotere ngakhale oyesa madzi angathe kutiphonya.

Ku Bangladesh, akatswiri otsogozedwa ndi mayi Rita Colwell anaphunzitsa amayi a m'midzi kusefa madzi ndi nsalu yakale yopinda kanayi. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2003, zinaonetsa kuti odwala kolera anachepa ndi pafupifupi theka, popeza nsalu inkagwira tinyama tija pamodzi ndi tizilombo tomatirirapo. Chitenje choyera chingathandize chimodzimodzi, koma tisadzinamize: theka si onse. Tizilombo tosamatirira pa kanthu timadutsa pa nsalu.

Kuno kwathu, Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, yofunda, ya kamchere, ndipo mulibe mtsinje wotulutsa madzi. Asodzi ena amakhala milungu yambiri pa zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa nyanja, ndipo madzi amene amadzithandiziramo ndi omwewo amene amamwa. Nzosadabwitsa kuti kolera yakhala ikuvutitsa maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndi kuti mu 2016 asodziwa anapatsidwa katemera wakumwa.

Mliri umayenda ndi anthu

Tisaloze chala madzi okha. M'mimba mwathu muli asidi amene amapha tizilombo tambiri, choncho kuti munthu adwale ayenera kumeza tochuluka ndithu. Nanga tochulukato timachokera kuti? M'matumbo a munthu mnzathu. Tizilombo tikafika m'matumbo timaswana mofulumira ndi kutulutsa poizoni amene amachititsa thupi kukhuthula madzi ndi mchere wake. Wodwala kwambiri angathe kutaya lita imodzi pa ola limodzi, ndipo chimbudzi chake, chooneka ngati madzi otsukira mpunga, chimakhala ndi tizilombo mamiliyoni mu supuni imodzi. Tizilombo tongotuluka kumeneti timakhala taukali kwambiri kwa maola angapo oyamba. Nchifukwa chake mayi wosamalira matenda ndi ana a m'nyumba yomweyo ndiwo amagwidwa msanga.

Chovuta china ndi ichi. Anthu ambiri amene ameza tizilomboti sadwala konse, kapena amangotsegula m'mimba pang'ono. Amapita kumsika, amakwera basi, amafika ku Misa, pamene chimbudzi chawo chili ndi tizilombo mpaka masiku 10. Dziko la Haiti linatha zaka zambiri osaiona kolera. Mu 2010 zonyansa zochokera ku msasa wa asilikali a United Nations obwera kuchokera ku Nepal zinalowa mu mtsinje wa Artibonite, ndipo anthu pafupifupi 10,000 anafa m'zaka zotsatira. Mtsinje unali womwewo wakale. Chatsopano chinali chimbudzi cha anthu.

Choncho pakabuka kolera m'mudzi, tisathamangire kunena kuti wina walodza kapena kuti achipatala ndiwo abweretsa. Mphekesera zotere zinamveka pa mliri wa 2022 ndi 2023, ndipo zinachedwetsa odwala ena kupita kuchipatala. Funso loyenera kufunsa, ngakhale nlochititsa manyazi, nlakuti: kodi chimbudzi cha munthu chafika bwanji m'kamwa mwa mnzake?

Njira zake tikuzidziwa. Mvula imakokolola zonyansa za kutchire ndi kuzithira m'chitsime chosatetezedwa. Chimbudzi chokumbidwa pafupi ndi chitsime chimasefukira, pamene chiyenera kutalikira mamita 30 ndi kukhala kumunsi kwake. Thewera la mwana limachapidwa pa dooko. Koma njira imene timaiwala kawirikawiri ili m'nyumba momwe. Madzi angathe kuchoka pa mjigo ali abwino, nkuipitsidwa ndi zala zogwira m'ndowa ponyamula, kapena ndi kapu imene aliyense amatungira mumtsuko ndi kumwera yomweyo. Nako kusamba m'manja m'beseni limodzi tisanadye nsima: womalizira, amene nthawi zambiri ndi mwana, amasamba litsiro la onse. Tizithirirana madzi, ndipo pakhale sopo.

Madzi akumwa tiziwiritsa mpaka abwate, kapena tizithiramo klorini monga mwa muyeso umene alangizi a zaumoyo amatiuza, ndi kudikira mphindi 30 tisanamwe. Ngati ali amatope, tiyambe tawasefa, popeza klorini sagwira bwino ntchito m'madzi alitsiro.

Pa maliro ndi pa matenda

Apa mpamene ife a m'Miphakati tiyenera kulimba mtima. Thupi la womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo. Amene asambitsa thupi kenaka nkukathandiza kuphika angathe kudwalitsa mudzi wonse tsiku limodzi. Tilole azaumoyo akonze thupi ndi klorini, tiike maliro msanga, ndipo chakudya cha gulu tichisiye. Mapemphero, nyimbo ndi kupepesa ofedwa sizifalitsa kolera, tingathe kuchita zonsezi mokwanira.

Munthu angayambe kudwala patapita maola 12 mpaka masiku 5 chimezereni tizilombo, ndipo wodwala kwambiri angafe tsiku lomwelo. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Pakati pa olandira chithandizo msanga, omwalira sakwana mmodzi pa anthu 100 aliwonse. Tisadikire kuti kuche. Timpatse wodwala Thanzi ORS wosungunula mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati palibe, mu lita imodziyo tithiremo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono njira yonse ya kuchipatala, ngakhale akusanza, ndipo mwana woyamwa asaleke kuyamwa. Wina atsale kukadziwitsa mlangizi wa zaumoyo kuti abwere ndi klorini wothira m'chimbudzi, pa mphasa ndi pa zovala za wodwalayo.