Zikondwerero za nyimbo m'mbali mwa nyanja ku Salima

Zikondwerero za nyimbo m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi maphwando akuluakulu a oyimba ndi anthu okonda nyimbo amene amachitikira pamchenga wa Nyanja ya Malawi, makamaka ku Senga Bay ndi ku Leopards Bay. Ziwiri zodziwika kwambiri ndi Lake of Stars ndi Sand Music Festival. Zonse ziwiri zinayambira m'maboma ena, koma zaka zina zimene anthu amazikumbukira kwambiri pa mbiri ya zikondwererozi zinachitikira ku Salima. Kawirikawiri chikondwerero chimatha masiku atatu, kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, ndipo kuyimba kumapitirira usiku wonse mpaka mbandakucha.

Malo ake

Boma la Salima lili m'chigawo chapakati, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kum'mawa kwa mzinda wa Lilongwe, potsata msewu wa M14. Kuchokera pa boma kukafika ku Senga Bay pali makilomita pafupifupi 20. Kwa anthu okhala ku likulu, gombe limeneli ndilo lapafupi kwambiri: munthu atha kuweruka kuntchito Lachisanu madzulo n'kukafika kunyanja chakudya chamadzulo chisanathe. Alendo ochokera kunja amatsikira pabwalo la ndege la Kamuzu n'kupitiriza ulendo pa galimoto. Msewu wa M5, umene umatsata nyanja, umalumikiza Salima ndi Nkhotakota kumpoto komanso Balaka kumwera.

Ku Senga Bay kuli mahotela ndi malo ogona alendo ambiri. Yakale kwambiri mwa iwo ndi Sunbird Livingstonia Beach, imene nthawi ya atsamunda inkatchedwa Grand Beach Hotel. Pakati pa mahotelawa pali midzi ya asodzi, mmene Achewa ndi Ayao amakhala limodzi, ndipo pagombe pamakhala mabwato, makoka ndi matandala oyanikapo usipa.

Zikondwererozi zimaikidwa m'miyezi ya Seputembala, Okutobala kapena koyambirira kwa Novembala. Pa nthawiyi mphepo ya mwera, imene imavundula nyanja m'miyezi yozizira, imakhala italeka, usiku kumakhala kofunda, ndipo mvula imakhala isanayambe. Zimenezi n'zofunika chifukwa nsanja, zokuzira mawu ndi matenti ogonamo anthu zonse zimakhala pamtetete.

Nyimbo zisanafike kugombe

Kuchokera mu 1964, pamene Malawi inalandira ufulu wodzilamulira, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, woyimba ankatchuka kudzera pa wailesi ya MBC. Nyimbo zinkayenera kudutsa kaye m'manja mwa bungwe lopima zoyenera kumveka pagulu, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Ngakhale zinali choncho, nthawi imeneyi inatulutsa oyimba amene mayina awo sanazimirire, monga Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, Allan Namoko ndi Giddes Chalamanda. Mu 1978 ku Balaka kunabadwa gulu la Alleluya Band, mmene munakulira Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius.

Zinthu zinasintha kwambiri ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994. Oyimba anayamba kudzudzula atsogoleri poyera, mawailesi omwe si aboma anatsegulidwa, ndipo mu 1999 dziko linakhala ndi wailesi yakanema yakeyake. Nyimbo za reggae za ku Balaka ndi za ku Chileka zinali pakamwa pa aliyense. Komabe oyimba ankaonekera m'maholo, m'mabala ndi m'mabwalo a m'tauni. Phwando la masiku angapo, la magulu ambiri osinthana pansanja, anthu akugona pomwepo, linali lisanazolowereke.

Lake of Stars

Lake of Stars inayambitsidwa ndi Will Jameson wa ku Britain, amene anadzagwirapo ntchito yongodzipereka ku Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Atabwerera kwawo anayambitsa usiku wa zovinavina mumzinda wa Liverpool, n'kuutcha Chibuku Shake Shake, dzina la mowa umene anaudziwira kuno. Dzina la chikondwererocho limatanthauza nyanja ya nyenyezi, ndipo anthu amalilumikiza ndi David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi mu 1859, komanso ndi nyali za asodzi zimene zimathwanima pamadzi usiku.

Chikondwerero choyamba chinachitika mu 2004 ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay, ndipo kunafika anthu mazana angapo. Cholinga chinali kukopa alendo ndiponso kuika oyimba a ku Malawi pansanja imodzi ndi anzawo akunja. Mu 2008 chinachoka kumpoto kwa nthawi yoyamba n'kubwera ku Senga Bay. Kusamukaku kunachibweretsa kufupi ndi anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene ulendo wa ku Chintheche unkawatalikira. Pambuyo pake chinakhazikika kwa zaka zingapo ku Sunbird Nkopola m'boma la Mangochi. Mu 2013 chinachitikira mumzinda wa Lilongwe ndi dzina loti City of Stars.

Chinabwereranso ku Salima kumapeto kwa Seputembala 2018, pa Kabumba Hotel ku Leopards Bay, pokondwerera kuti chakwanitsa zaka 15. Mwa alendo akunja amene anayimba chaka chimenecho panali Major Lazer a ku America ndi Sauti Sol a ku Kenya. Kupatula nyimbo, Lake of Stars imakhalanso ndi ndakatulo, zisudzo, magule a makolo, zojambulajambula ndi zokambirana masana.

Sand Music Festival

Sand Music Festival inayambitsidwa mu 2010 ndi Lucius Banda, woyimba wa ku Balaka amene anthu ankamutcha Soldier. Iye anabadwa pa 17 Ogasiti 1970, anakhazikitsa Zembani Band mu 1997, ndipo chikondwererochi ankachiyendetsa kudzera mu kampani yake ya Impakt Events. Maganizo ake anali akuti Amalawi akhale ndi chikondwerero chakugombe chokonzedwa ndi eni nthaka, chimene mbali yaikulu ya nsanja idzakhala ya oyimba a kuno. Chinayambira ku Mangochi, kenako chinasamukira ku Sunbird Livingstonia Beach ku Senga Bay, kumene chinakula n'kufika pokopa anthu zikwizikwi.

Ku Salima n'kumene chinayamba kudziwika ndi kuitana oyimba otchuka akunja. Mu 2015 kunabwera Busy Signal wa ku Jamaica, ndipo mu 2016 kunabwera Diamond Platnumz wa ku Tanzania. Pambali pa alendowa pankayimba Zembani Band, Black Missionaries ndi magulu ena a kuno, komanso achinyamata oyimba nyimbo za m'tauni. Lamulungu nthawi zambiri limapatsidwa kwa oyimba nyimbo zauzimu. Kusakaniza kumeneku kumachititsa kuti pamchenga pakumane anthu a misinkhu yosiyana: amene anakulira pa makaseti a reggae ya ku Balaka, ndi ana awo amene nyimbo amazipeza pa foni.

Chikondwererochi chinakwanitsa zaka khumi mu 2020, ndipo mwambowo unachitikira ku Sunbird Nkopola. Diamond Platnumz anabweranso, pamodzi ndi Master KG wa ku South Africa, amene nyimbo yake ya Jerusalema inali itamveka dziko lonse lapansi chaka chimenecho.

Kawerengedwe ka zaka

Zaka zokumbukira za Lake of Stars zimasokoneza ena. Mu 2014 anakondwerera zaka 10, mu 2018 zaka 15, ndipo mu 2024 zaka 20. Izi zili choncho chifukwa pali poyambira pawiri: 2003, pamene ntchito yokonza chikondwererochi inayamba, ndi 2004, pamene nyimbo zinalira koyamba ku Chintheche. Komanso zaka zakubadwa si chimodzimodzi ndi kuchuluka kwa maulendo amene chikondwerero chachitika, popeza zaka zina, monga 2012 ndi 2017, chinapumula kugombe.

Kwa okonza, chaka chokumbukira si mwambo chabe. Ndi nthawi imene makampani othandiza amamasuka kupereka ndalama, manyuzipepala amalemba zambiri, ndipo anthu amene anasiya kupita amabwereranso. Mwambo wokumbukira zaka si wachilendo pa nyimbo za ku Malawi. Ku Chileka, a Black Missionaries ndi owatsatira amasonkhana chaka ndi chaka kukumbukira Evison Matafale, amene anamwalira pa 27 Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, pamodzi ndi oyimba ena a gululo amene anatsogola.

Phindu ndi madandaulo

M'masiku a chikondwerero malo ogona a ku Senga Bay amadzaza, ndipo eni nyumba ena amabwereketsa zipinda zawo kwa alendo. Akabaza, oyendetsa minibasi, okazinga chipisi ndi kanyenya, ogulitsa chambo ndi kampango, komanso osema ziboliboli a m'mbali mwa msewu wopita kunyanja amapeza makasitomala ochuluka kuposa masiku onse. Achinyamata a m'midzi yozungulira amalembedwa ganyu yolondera, kusesa ndi kunyamula katundu. Kwa woyimba amene akungoyamba kumene, mphindi zochepa pansanja yotere zimamuonetsa kwa atolankhani ndi kwa okonza maphwando ena.

Madandaulo nawo sasowa. Mtengo wa tikiti umakhala wokwera kwa anthu ambiri a m'midzi ya kugombe, moti ena amangomvera nyimbo kunja kwa mpanda. Oyimba a kuno akhala akudandaula kuti malipiro awo amachepa kwambiri poyerekeza ndi a mlendo mmodzi wochokera kunja. Owonerera amadandaula za kuchedwa kwa ndondomeko, makamaka pamene woyimba wamkulu wakwera nsanja kunja kukuyera. Atsogoleri ena a mipingo ndi a m'midzi amadandaula za kuledzera ndi khalidwe lotayirira, ndipo zinyalala za mabotolo ndi mapulasitiki zimatsala pamchenga anthu akabalalika.

Zovuta za zaka zaposachedwa

Mliri wa Covid-19, umene unafika ku Malawi mu Epulo 2020, unachititsa kuti boma lichepetse misonkhano ya anthu ambiri, ndipo oyimba anakhala miyezi osagwira ntchito. Lake of Stars, imene mu 2019 inachitikira m'boma la Nkhata Bay, inakhala zaka zingapo osaoneka kugombe mpaka 2024, pamene inakondwerera zaka 20 m'boma la Nkhotakota, loyandikana ndi Salima.

Vuto lina ndi la ndalama. Oyimba akunja amalipidwa m'madola, ndipo matikiti awo a ndege amagulidwanso ndi ndalama zakunja, pamene owonerera amalipira m'makwacha. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitana mlendo mmodzi kunakwera mtengo kwambiri. Nyanja nayo inawonjezera mavuto: mu 2024 madzi anakwera kwambiri n'kumiza mchenga ndi zomanga zina za mahotela ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, malo omwe nsanja zimamangidwapo.

Pa 30 Juni 2024 Lucius Banda anamwalira ku South Africa atadwala impso kwa nthawi yaitali, ndipo anaikidwa kwawo ku Balaka. Imfa yake inasiya Sand Music Festival yopanda mwini wake amene dzina lake lokha linkakopa makampani ndi owonerera. Zembani Band inapitiriza kuyimba, ndipo udindo wosunga chikondwererocho unatsalira banja lake ndi anthu amene ankagwira naye ntchito.

Zaka zofunika kukumbukira

- 1978: Alleluya Band iyamba ku Balaka.
- 1997: Lucius Banda akhazikitsa Zembani Band.
- 2004: Lake of Stars yoyamba ichitika ku Chintheche.
- 2008: Lake of Stars ifika ku Senga Bay koyamba.
- 2010: Sand Music Festival iyamba.
- 2015: Busy Signal ayimba ku Sunbird Livingstonia Beach.
- 2016: Diamond Platnumz ayimba ku Senga Bay.
- 2018: Lake of Stars ikondwerera zaka 15 ku Leopards Bay.
- 2020: Sand Music Festival ikwanitsa zaka 10.
- 2024: Lucius Banda amwalira, Lake of Stars ikondwerera zaka 20 ku Nkhotakota.