Shenzhen: mzinda umene ukudyera pa foni yanu

Tatembenuzani foni yanuyo. Ngati kumbuyo kwalembedwa Tecno, itel kapena Infinix, dziwani kuti zina mwa ndalama zimene munagulira zinakathera ku Shenzhen, mzinda wa kumwera kwa China, kufupi ndi Hong Kong. Mayina atatuwa ndi a kampani imodzi, Transsion, ndipo likulu lake lili kumeneko.

Zaka 50 zapitazo, dera limeneli linali la alimi ndi asodzi. Mu 1980, m'nthawi ya Deng Xiaoping, boma linalipatula kuti likhale dera lapadera la zamalonda. Misonkho inatsika, ndipo makampani akunja analoledwa kutsegula mafakitale. Achinyamata anakhamukirako kuchokera m'midzi, moti kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 17 miliyoni mumzindawu.

Poyamba ntchito inali yongolumikiza zipangizo za azungu ndi a ku Hong Kong. Koma munthu amene amalumikiza wailesi tsiku ndi tsiku sachedwa kudziwa zam'kati mwake. Posakhalitsa, eni dziko anayamba zawo. Huawei inabadwa mu 1987. BYD, yomwe lero ikupanga magalimoto oyendera magetsi, inayamba ndi mabatire mu 1995. Tencent, mwini wa WeChat, inatsatira mu 1998.

Mphamvu ya mzindawu yagona pakuti zonse zili pafupi. Ku msika wa Huaqiangbei kuli nyumba zosanja zodzaza ndi mabenchi a masikirini, mabatire, makamera ndi tizipangizo tina tosawerengeka. Munthu akakhala ndi nzeru yopanga chinthu, zida amazigula akuyenda wapansi, ndipo fakitale amaipeza mumzinda womwewo.

A Transsion anaonjezapo kumvetsera. Anaona kuti ambiri kuno ku Africa timafuna malo a masimu awiri, batire losatha msanga poti magetsi amathimathima, ndi kamera yojambula bwino khungu lakuda. Anatipangira zomwezo pamtengo wofikirika. Lero palibe kampani imene imagulitsa mafoni ambiri mu Africa kuposa iwo.

Komatu chumachi sichinabwere chaulere. Mu 2010, antchito oposa 10 a fakitale ya Foxconn, yomwe imalumikiza ma iPhone, anadzipha, ndipo dziko linayamba kufunsa za maola aatali amene ankagwira. Nyumba nazo zinakwera mtengo kwambiri, moti wantchito wamba amangochita lendi kachipinda. Ndipo pamene America inaika ziletso pa Huawei mu 2019, malonda a mafoni a kampaniyi kunja kwa China anagwa.

Tsiku lina mukamakakonzetsa sikirini ku Limbe kapena ku msika wa Lilongwe, tamuyang'anitsitsani mnyamata amene akuphwasula foni yanuyo. Luso la manja ngati limenelo ndi limene Shenzhen inayambira. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathuwo anali ndi doko pakhomo, mpamba wa amalonda a ku Hong Kong, ndi boma limene linatsimikiza kuti zinthuzo zizipangidwira konko. Mnyamata wathuyu sikirini amachita kuitanitsa kunja, ndi madola osowa kalewa.